KODI ZINYALALA ZATHU ZIMAGONA KUTI?

Mzinda wa Lusaka umadzuka ndi tsace m'manja. Ku Kabwata amai amasesa pabwalo dzuwa lisanatuluke. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands anyamata osamala maluwa amasonkhanitsa masamba pa kapinga. Pa Cairo Road eni masitolo amawaza madzi pakhonde kuti fumbi ligone. Mlendo woyenda khomo ndi khomo sangatinene kuti ndife anthu osadziwa ukhondo, pakuti pakhomo pa munthu aliyense pamaoneka bwino ndithu. Koma liripo funso limene ambiri mumzinda muno safuna kulifunsa, ndipo lero tafuna kulifunsa pamodzi ndi inu awerengi athu: kodi zimene zasesedwazo, zikatuluka pa geti, zimakagona kuti?

Yankho lake limadziwika kwa anthu oyenda pansi m'timiseu ta fumbi ta kunja kwa mzinda. Mukatsata Great East Road kupitirira thanki ya madzi ya ku Chelstone, kapena Leopards Hill Road kupitirira manda ndi Bauleni, ndi kupatukira m'kamseu kolowa kumafamu, simuyenda nthawi yaitali musanamve fungo. Kuseri kwa tchire mudzapeza mulu: matumba akuda ong'ambika, mabotolo, matewera a ana ogula kusitolo, zidutswa za njerwa ndi matailosi, matayala akutha, nthawi zina ndi galu wakufa yemwe. Mulu wotere sukhalitsa uli wokha. Ukangoyamba umodzi, mawa umabala unzake, cifukwa wotaya aliyense amafuna malo pamene wina anataya kale, kuti mtima wake usamutsutse kwambiri.

Ife ndife kagulu kocepa ka anthu a ku Chelstone ndi madera oyandikana nako. Ena anapuma pa nchito, ena ndi amai a pamsika, ena ndi anyamata ndi atsikana amene anatsiriza sukulu koma nchito sanaipeze. Pa Ciweru cotsiriza ca mwezi timakumana m'mawa ndi mareki, mafosholo, mawilibala ndi masaka, ndi kusankha kamseu kamodzi koti tikayeretse. Palibe amatilipira ndipo palibe anatituma. Cimene cinatiyambitsa ndi cakuti ana a sukulu a m'mafamu amadutsa pa milu imeneyi tsiku ndi tsiku, ena a iwo opanda nsapato.

Nchito imeneyi yatiphunzitsa kuwerenga zinyalala monga mlenje amawerengera mapazi a nyama. Thumba likang'ambika limaulula kumene lacokera. Mumatuluka mabotolo a vinyo ndi a mowa wodula, mabokosi a zakudya za m'masitolo akuluakulu, malisiti aatali ngati lamba, nthambi za maluwa zodulidwa bwino ndi makasi, zitini za cakudya ca agalu. Anthu a m'mbali mwa timiseu timeneti sagula zotere. Iwo cakudya cao ndi nsima ndi ndiwo za m'dimba, ndipo zotsala amapatsa nkhuku. Ncoonekeratu kuti zinyalalazi zinabwera pa galimoto kucokera ku nyumba za mipanda yaitali.

Njira yake ndi iyi. Malo amene Khonsolo ya mzinda wa Lusaka inapatula kuti kukhale kotayira zinyalala ndi ku Chunga, kumpoto cakumadzulo kwa mzinda. Kwa zaka zambiri dongosolo lakhala lakuti mzinda umagawidwa m'zigawo: kumayadi kumayenda makampani amene anapatsidwa cilolezo, m'makomboni muli timagulu ta eni dera tosonkhanitsa zinyalala, ndipo mwini nyumba amalipira pamwezi. Koma pambali pa amenewa pali enanso opanda cilolezo, a kanta kapena a wilibala, amene amagogoda pa geti ndi kutchula mtengo wotsika. Mwini nyumba amakondwa kuti wapulumutsa ndalama, napereka, natseka geti. Tsono taganizani: kucoka ku Woodlands kapena ku Chelstone kukafika ku Chunga ndi ulendo wodutsa mzinda wonse, mafuta ndi odula, ndipo pofika kumeneko pali ndalama inanso yolipira. Munthu amene walandira zocepa angapite bwanji? Amangokhotera ku thengo lapafupi, nakhuthula, nabwerera kukagogoda pa geti lina. Ndalama imene mwini nyumba wapulumutsa, woilipira ndi mwana wa m'famu amene adzaponda botolo losweka.

Kale sizinali tero. Ambiri a ife tinakulira kumudzi, kumene nyumba iriyonse inali ndi dzala kuseri kwake. M'dzalamo munkapita phulusa, makoko a nthoci, zitsononkho za cimanga ndi masamba, ndipo pakutha pa dzinja zonse zinali zitasanduka dothi lakuda, pomwe pankamera maungu okoma kuposa a m'munda. Amai ankapita kumsika ndi dengu, mcere ankaukulunga m'nyuzipepala, ndipo botolo la Coca-Cola linali cuma, pakuti mwana ankalibweza kusitolo nalandira ngwee zake. Kutaya kunalibe ngozi cifukwa nthaka inkadya zonse zimene inkapatsidwa. Dzanja la munthu lazolowerabe kutaya monga kale, koma cimene likutaya casintha. Nthaka siidya pulasitiki. Thumba limene latayidwa lero, mdzukulu wa wotayayo adzalipeza likali pomwepo.

Mzinda nawonso unasintha. Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935 m'malo mwa Livingstone, ndipo amene anajambula mapulani ake, potsata maganizo a Stanley Adshead a mu 1931, ankalota za mzinda wa mitengo ndi maluwa umene unkatchedwa Garden City. Maloto amenewo anali a anthu owerengeka a ku Ridgeway. Anchito acikuda anawamangira timanyumba tozungulira tofolera ndi udzu, monga timene tatsala ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mumzinda, ndipo pa kalembera wa 2022 anapezeka kuti apitirira 2 miliyoni. Amene anakulira m'nyumba za Khonsolo ku Kabwata, Libala ndi Chilenje amakumbukira galimoto ya zinyalala ikubwera kudzakhuthula mabini. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumbazo zigulitsidwe kwa okhalamo. Mabanja ambiri anapeza pakhomo paopao, ndipo cimeneco cinali cinthu cabwino. Koma ndalama za lendi zimene Khonsolo inkadalira zinauma, pamene anthu ndi zinyalala zao ankangoculukirabe.

Wina angafunse kuti: nanga zikagona kuthengo zikupweteka yani? Yankho liri pansi pa mapazi athu. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa mwala wa laimu, wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo m'madera ambiri madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Dothi lakuya limasefa madzi pang'onopang'ono, koma mwala uwu umawameza msanga pamodzi ndi zonse zimene anyamula. Madzi amene mzinda umamwa, ena amapopedwa kucokera ku mtsinje wa Kafue, ena ambiri amacokera m'zitsime zakuya za mumzinda momwemu. Kum'mawa, nkhalango ya Forest 27 ndiyo gwero la mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe, ndipo anthu ndi ziweto amamwa m'menemo. Mvula ikagwa pa mulu wa matewera ndi mabatire akutha, madzi ake amatsikira komweko. Matayala ndi zitini zimasunga madzi oswanirana udzudzu. Ng'ombe ndi mbuzi zimameza mapulasitiki, ndi kumaonda pang'onopang'ono mpaka kufa. Wina akatopa ndi fungo nayatsa moto, utsi wa pulasitiki umalowa m'zifuwa za ana.

Mkati mwa mzinda ngozi yake ndi yofulumira kuposa apa. Mifolo ikatsekeka ndi mabotolo ndi matumba, madzi a mvula amasowa kopita, nasefukira m'zimbudzi zokumba, ndi kucoka m'menemo kukalowa m'zitsime zosaya. Umu ndi mmene kolera amayendera. Kacirombo kake kamatuluka m'thupi la wodwala, ndipo kamafuna madzi kapena cakudya kuti kafike pakamwa pa wina. Zinyalala ndizo zimakatsegulira njira. Akulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo mu Lusaka mwambi umenewu umakwaniritsidwa monga momwe unanenedwera.

Tinaziona ndi maso kuyambira mu Okutobala 2017, pamene kolera anabuka m'komboni ya Chipata nafalikira ku Kanyama ndi madera ena. Pofika pakati pa 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala mu Lusaka mokha, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Kumapeto kwa Disembala 2017 Pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anatuma asilikali kukayeretsa mzinda. Ogulitsa m'miseu anacotsedwa, milu ya zaka zambiri inanyamulidwa m'misika, sukulu zinacedwa kutsegulidwa, ndipo m'madera ena ngakhale mapemphero a pa Sondo anaimitsidwa. Kwa masabata angapo munthu ankayenda pa Freedom Way ndi pa Chachacha Road naona makonde amene anali atawaiwala maonekedwe ake. Koma asilikali anabwerera ku makampu ao, ndipo zinyalala zinabwerera pamalo pake. Mu Okutobala 2023 mliri unabweranso, woopsa kuposa woyambawo. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo ana anatsegulira sukulu mu Febuluwale 2024 m'malo mwa Januwale. Pakati pa awerengi athu alipo amene anaika abale ao m'manda mwaliwiro masiku amenewo, osaloledwa ngakhale kusambitsa thupi.

Malamulo ndi mau abwino sitisowa. Mu 2007 malemu Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa nchito ya Keep Zambia Clean and Healthy. Mu Epulo 2018 a Lungu anaitsitsimutsa naonjezerapo liu lakuti Green, ndipo Ciweru cotsiriza ca mwezi cinapatulidwa kukhala tsiku loyeretsa. Tsiku lathu ifenso tinalitenga pamenepo. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Solid Waste Regulation and Management Act, ndipo malamulo ena analetsa matumba a pulasitiki opyapyala. Ku Rwanda kuli mwambo wa Umuganda pa tsiku lomwelo la mwezi, ndipo matumba a pulasitiki analetsedwa kumeneko mu 2008. Oyenda ku Kigali amabwera akusimba za miseu yoyera. Kumeneko lamulo limatsatidwa mpaka pakhomo pa munthu, ndipo wosabwera ku nchito amafunsidwa cifukwa cake. Kwathu kuno tsiku loyeretsa kawirikawiri limathera pa miseu yaikulu ya m'tauni, kumene akuluakulu amajambulidwa atagwira tsace. Ku timiseu ta kuthengo wojambula safikako.

Tsiku lina tinabwerera pa kamseu kamene tinayeretsa mwezi wapitawo, ndipo tinapeza mulu watsopano pamalo omwewo. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anaponya reki pansi nati: "Atate, kodi ife tikusesera yani? Si kuti tikungomukonzera malo wotayayo kuti mawa apeze poyera?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sitinalipeputse. Iripo ngozi yeniyeni yakuti anthu odzipereka asanduke anchito aulere a anthu osasamala, ndi kuti amene anayenera kulanga wotaya agone tulo poona kuti ena akusesa. Tinakhala pansi pa mtengo nthawi yaitali, ndipo ena anafuna kuti nchitoyi ithere pomwepo.

Amene anatithandiza kuganiza ndi ambuya ena okhala pafupi ndi kamseuko, amene anatibweretsera madzi akumwa m'cigubu. Atamva mkangano wathu anati: "Ana anga, musanayambe kubwera inu, magalimoto ankataya ngakhale dzuwa liri pamutu. Tsopano amabwera usiku, atazimitsa nyale. Ayamba kuopa." Mau amenewa anatitsegula maso. Malo ooneka ngati alibe mwini amaitana wotaya, koma malo amene anthu amafikako mwezi ndi mwezi amayamba kukhala ndi maso. Kucokera tsiku limenelo nchito yathu inakula: kusesa kunakhala theka lake, ndipo theka linalo ndi kuyang'anira. Anthu a m'mbali mwa mseu tinawapempha kuti azilemba nambala za magalimoto otaya, ndipo nambalazo timazipereka kwa khansala wa dera ndi ku Khonsolo. Pamene tacotsa mulu timabzala mitengo ndi kuika cikwangwani. Sitinganene kuti kutaya kwatha, pakuti m'timiseu tina milu imabwerabe. Koma kumene tabwerera kosalekeza milu yacepa, ndipo ana amadutsa osatseka mphuno. Mnyamata uja akali nafe, ndipo buku la nambala amasunga ndi iye.

Kwa amene angafune kuyamba nchito yotere kwao, nazi zimene taona kuti ndi zofunika. Coyamba, pezani galimoto yokatula ku Chunga tsiku lisanafike. Kambiranani ndi khansala kapena kampani ya cilolezo ya m'dera lanu. Mulu wosonkhanitsidwa bwino ndi kusiyidwa pamseu umaitana wotaya wina, ndipo kuutentha ndi kusamutsira vuto m'mapapo. Caciwiri, aliyense avale magolovesi ndi nsapato zolimba. Ana asagwire magalasi, majekeseni kapena matewera. Apatseni nchito yonyamula madzi ndi yobzala mitengo. Cacitatu, patulani mabotolo a pulasitiki, zitini ndi zitsulo, pakuti alipo amai ndi anyamata amene amapeza cakudya potola zimenezi ndi kukagulitsa kwa ozikonzanso, ndipo adzakuthokozani. Cacinai, sopo ndi madzi zikhalepo, ndipo munthu asadye kanthu asanasambe m'manja. Cacisanu, limbikirani kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe, cifukwa mulu ukanyowa umalemera ndipo zoipa zake zimakhala zitatsikira kale pansi.

Komabe nchito yoposa zonsezi iri pa geti la munthu aliyense. Inu atate ndi amai a ku Kabulonga, Woodlands, Chelstone ndi Kabwata, munthu akabwera kudzatenga zinyalala zanu, mufunseni cilolezo cake, mufunseni kumene akupita nazo, ndipo mupemphe lisiti. Mtengo ukatsika kwambiri, dziwani kuti alipo wina amene adzalipira yotsalayo. Mukamanga kapena kukonza nyumba, funsani womanga kumene zidutswa zikupita. Makoko, masamba ndi zonse zimene zimaola muziunjike pakona pa dimba kuti zisanduke manyowa monga ankacitira makolo; potero thumba lopita kunja lidzacepa, ndipo ndiwo zanu zidzakondwa. Kumsika pitani ndi dengu. Ndipo kumbukirani kuti mwana wokhala pamiyendo panu m'minibasi akuona pamene dzanja lanu likutsegula zenera kuti liponye botolo. Zimene mphunzitsi wamuuza sabata yonse za ukhondo, dzanja limenelo limazifafaniza nthawi imodzi.

Mnyamata wa wilibala tisamuone ngati mdani. Ambiri ndi ana a anzathu ofuna ufa wa tsiku limenelo, ndipo akataya kuthengo ndi cifukwa cakuti wamkulu wawapatsa ndalama yosafika ku Chunga. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kumene kuli timagulu ta cilolezo, tiwathandize kulowamo kuti adye thukuta lao mosabisala. Khonsolo ndi boma nazonso ziri ndi mbali yao: magalimoto okwanira, malo apafupi osonkhanitsira zinyalala, ndi cilango cofika ngakhale kwa munthu wa galimoto yonyezimira. Zimenezi ndi zoyenera kuzifunsa poyera pa misonkhano ya m'mawadi, ndiponso kwa aliyense wobwera kudzapempha voti. Amene wagwira reki m'mawa ali ndi mphamvu yofunsa masana.

Mpanda wautali umatsekereza mbala, koma madzi suwatsekereza. Nyumba zambiri za kumayadi ziri ndi zitsime zakuya zaozao, ndipo zitsimezo zimatunga m'mwala womwewo umene ukumeza madzi a pa milu ya kuthengo. Kolera anayambira m'makomboni, koma wophika ndi wolera ana wa kumayadi amagona kukomboni komweko, ndipo amakwera minibasi imodzi ndi odwala. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mzinda uno ndi mudzi umodzi wokumbira citsime cimodzi, kaya timadziwana kapena ai.

Pa Ciweru cotsiriza ca mwezi uno tidzakhala pa kamseu kena kum'mawa kwa mzinda, ndipo tidziwa kuti kwanunso kuli kamseu kofanana nako. Mutu umodzi susenza denga. Amene ali ndi kanta abwere nayo, amene ali ndi reki anyamule, amene miyendo yafooka abwere ndi madzi akumwa monga ambuya aja. Ndipo amene sangathe kufika konse, pa Mande m'mawa, wotenga zinyalala akagogoda, atuluke yekha amufunse mwaulemu kumene akupita nazo.